Nkhoswe Yobwereka

Zaka zomwe ndinayenda pofuna mwana wanga sindinaziwerenge. Wondifunsa ndimangomuuza kuti mvula inagwa, inakata, inagwanso. Chimene chinatsalira m'thupi mwanga ndi mabenchi a kukhoti. Tauni iliyonse ili ndi lake, koma ine ndinkaona ngati ndi benchi limodzi lomwelo, limene wina ankalinyamula n'kukandidikira nalo kutsogolo, lopendekeka mwendo umodzi, lodzaza amayi atagwira tsaya.

Ndinakwatiwa m'tauni, kutali ndi kwathu, ndi mwamuna wotchedwa Fanuwelo, wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Chichewa chake chinali chopindika pang'ono, ndipo ndikam'funsa kwawo ankangoloza ndi mlomo chakumpoto, n'kunena kuti n'kutali, basi imafikako itatopa. Iye ankaseka, ine n'kumaseka naye, poti chikondi chikakugwira umasekera ndi zomwe ukanayenera kulira.

Kwathu ukwati wopanda ankhoswe ndi chibwenzi chabe. Malume anga atamva za ife anatumiza mawu kuti mwamunayo abwere ndi womuyankhulira. Fanuwelo anabwera ndi bambo wina wa imvi zongoyamba kumene, wa jekete losokedwa bwino, nati awa ndi a Ndelemani, malume anga. A Ndelemani anakhala pampando wa unkhoswe ngati munthu wouzolowera. Anapereka tambala, analandira msoti, anaponya miyambi yokoma mpaka malume anga anandinong'oneza kuti apa ndiye tapeza anthu. Palibe wa kwathu amene anafunsa dzina la mudzi wa mwamunayo. Ankhoswe akaonana ndiye kuti midzi yaonana, ife timadziwa choncho. Banja likavuta umapita kwa nkhoswe, nkhosweyo ndiye imadziwa njira ya kwa eni ake. Kufunsanso za mudzi, munthu wamkulu atakhala pamphasa pako, kukanakhala kum'tukwana.

Zione anabadwa, anakwawa, anayamba kuyenda chogwira zipupa. Anali atangoyamba kutchula madzi ndi nthochi pamene Fanuwelo ananena kuti amayi ake adwala kwambiri ndipo akufuna kuona mdzukulu asanatsikire kulichete. Ine ndinali gone ndi malungo. Ndinam'konzera mwana tizovala take ndili chigonere, ndinamuuza bambo wake kuti phala amakonda lopanda shuga wambiri. Ananyamuka m'mawa. Foni yake inalira masiku oyamba, kenako inasiya kupezeka.

Mwezi utaoneka wina ndinathamangira kwa a Ndelemani. Anthu anandilozera pakhonde la golosale ina, pomwe ankati amasokerapo zovala. Mwini golosale atamva kuti ndikufuna malume ake a mwamuna wanga anaseka mpaka anagwira kauntala.

“Malume a ndani? Bambo aja ndi nkhoswe ya aliyense. Anyamata a m'tauni muno opanda abale pafupi amangowabwereka. Anachoka kale, atsata misika ya fodya.”

Pakhondepo panangotsala zipsera zinayi za miyendo ya makina osokera. Ndinakhala pansi pomwepo mutu utaima, anthu ogula sopo n'kumandilambalala.

Kupolisi anandimvera chisoni, koma anati bambo kutenga mwana wake ndi nkhani ya banja, ndipite kukhoti. Kalaliki wa khoti loyambalo anali munthu wofatsa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifotokozera kuti kusuma n'kosavuta, koma mlandu suyenda ngati wosumiridwayo sanalandire masamoni, pepala lomuitanira kukhoti. Woweruza sangathetse ukwati kapena kugamula za mwana munthu asanamve kuti akufunidwa. Atatero anandifunsa, cholembera chili m'mwamba:

“Mwamunayo ali kuti, mayi?”

Ndinaloza ndi mlomo chakumpoto, monga ankachitira mwini wake. Kalaliki anaika cholembera pansi.

Amayi a pabenchi anandiuza kuti pepala likakanika kwa kalaliki, loya ndiye amadziwa njira zina. Ndinagulitsa bedi ndi mapoto, ndinakwera masitepe a nyumba yosanja, ndinalowa m'chipinda chozizira ngati mwezi wa chisanu kunja kukutentha. Loya wake anali wachinyamata, wa tayi wofiira. Anandifunsa mafunso ambiri, analemba zonse, nati mlandu wanga ndi wabwino koma uli ngati khasu lopanda mpini. Anati ndikapeze kaye kumene kuli mwamunayo, ndipo ndikakupeza ndisabwerere kwa iye, ndikafune loya wa konko, wodziwa khoti la konko ndi njira za konko. Ndinatsika masitepe aja nditakwiya. Munthuyo sanandiname, ndipo n'chimene ndinadana naye, chifukwa tsiku limenelo ndinkafuna wondinamiza.

Ndinapita kukawauza malume anga. Anangoti iwo anadya naye nkhuku munthu uja, ndipo anabwereza mawu omwewo kangapo, maso ali pansi. Ndinawasiya akubwerezabe, ine n'kuuyamba ulendo wotsata telala, poti ndiye yekha pa dziko lapansi amene ndinkaganiza kuti angadziwe kwa Fanuwelo.

Ndinafika ku dera la fodya, kumene zigafa zimaima m'mizere ndipo mphepo imanunkha tsamba louma. Ndinalembedwa ganyu pa esiteti ina. Ndinaphunzira kusoka fodya, kumuyanika, kenako kum'sankha. Mayi wina wa ku zigafako anandiphunzitsa kuti tsamba suliweruza uli mumthunzi, umalitengera pakhomo kuti kuwala kulipyoze, ndiye umaona ngati lili ndi madontho. Zala zanga zinada, chifuwa chinayamba kulira. Lamulungu lililonse ndinkapita pamsika wina kufunsa za telala wa jekete labwino, wodziwa miyambi. Ambiri ankam'dziwa. Ena anali atawamangira maukwati, ndipo ankamuyamikira. Koma paliponse ankati anali pano, wachoka dzana, ndipo pakhonde ndinkapeza zipsera zinayi zija.

Khoti la kumeneko linali m'nyumba yomwe kale ankasungiramo feteleza. Benchi linali litafika kale. Kalaliki wake anali mayi, wa magalasi okhuthala, ndipo ndisanamalize kufotokoza anandifunsa funso lomwe lija. Ndinati ali kumpoto. Iye anati kumpoto ndi dziko lonse, mayi, mesenjala wathu ali ndi njinga imodzi.

Fodya atatha ndinatsata msewu womwe ankaumanga, mpaka pa tauni ina ya m'munsi mwa phiri, kumene amayi amakhala m'mbali mwa msewu kuswa miyala yogulitsa kwa a malole. Nanenso ndinagula hamala. Mwala uli ndi msempha wake, ukaumenya pena paliponse umangotopa, ukaupeza msemphawo umang'ambika wokha. Ndinadziwa kuswa miyala bwino lomwe, koma mutu wanga unayamba kuyenda njira zake. Ndinkayeza Zione pa ana a eni. Ndikaona kamtsikana kakuguluka mano a kutsogolo ndinkati ndiye kuti nayenso aguluka. Tsiku lina pamjigo ndinanyamula mwana wa munthu, ndinam'kumbatira, ndinanunkhiza mutu wake, osadziwa kuti ndayamba kuyenda naye. Amake anandipeza nditafika pamsewu. Anandimenya ndi ndowa, anthu anandikuwiza kuti ndine mfiti yoba ana, ndipo ine sindinadziteteze chifukwa ndinkawamvetsa.

Pabenchi la tauni imeneyo ndi pomwe ndinakumana ndi bambo wa chikwama chakuda, wa nsapato zonyezimira. Anakhala pafupi nane, anandiitana kuti mlongo, nati iye ndi loya ndipo akudziwa njira yotulutsira chigamulo popanda masamoni. Anati mwana wanga apolisi adzam'funa okha dziko lonse. Amenewo ndiwo mawu amene ndinkawafuna kuyambira kale. Ndinam'patsa thukuta langa lonse la kumiyala. Analowa pakhomo la kutsogolo la khoti, ine n'kumadikira mpaka dzuwa linapendeka. Kalaliki wa kumeneko, mnyamata wa ndevu, anandiuza kuti amene uja ndi dobadoba, wa anthu ongozungulira m'maofesi aja, ndipo khotilo lili ndi khomo lina kuseri. Anati loya weniweni amakhala ndi chitseko chomwe ungagogodenso mawa. Kenako, mwina pofuna kundithandiza, anatenga cholembera n'kundifunsa kumene kuli mwamunayo. Ndinaseka mpaka misozi, iye anachita mantha.

M'zaka zimenezo tulo ndi masana zinasakanikirana. Ndinkalota khoti litakhala pakati pa munda wa chimanga, woweruza akupalasa makina osokera, akusoka chinthu chachitali chosatha, ndipo ndikam'funsa za mwana ankati ndibwere akamaliza. Ndinkadzidzimuka ndili pa mulu wa miyala, hamala ili m'manja. Dalaivala wina wa lole anandifunsira, munthu wabwinobwino, wamasiye. Ndinamuuza kuti ndine mkazi wa mwini. Anandifunsa kuti mwini wake uti. Ndinali womangidwa chingwe chimene kumapeto kwake kunalibe munthu. Konko ndi kumene unandipeza uthenga woti malume anga anamwalira, ndipo anali ataikidwa kale.

A Ndelemani ndinawapeza ndisakuwafunanso ndi mtima wonse. Kunali ku chigwa chotentha, kwa alimi a mpunga, kumene ndinkapeta mpunga pa chigayo china. Ndinamva kulira kwa makina kuseri kwa chigayocho, ndipo nditazungulira ndinawaona. Jekete linali lomwe lija, koma munthu anali atachepa mkati mwake. Diso limodzi linali litachita ng'ala. Ankaika zigamba pa matumba a mpunga.

Ndinagwira gudumu la makina awo kuti aime. Ndinawauza dzina langa, dzina la malume anga, dzina la Fanuwelo. Anandiyang'ana ndi diso lotsalalo mopanda mantha, mopandanso manyazi.

“Maukwati ndamanga ambiri, mwanawe. Mnyamata akabwera ali kakasi, kwawo kuli kutali, mkazi akum'funa, ine nditani? Ukanakonda akutenge popanda mwambo, ngati mbuzi?”

Ndinkafuna kuwagwetsera makinawo pamiyendo. Ndinawauza kuti munthu amene anam'tcha mphwawo anandibera mwana, ndipo iwo ndi amene anandimanga naye. Anati iwo kwawo kwa mnyamatayo sanakufunse, monga malume anganso sanakufunse. Mawu amenewo anandibaya chifukwa anali oona. Ndinakhala pa thumba la mpunga n'kuyamba kulira mokweza, monga amalirira pa maliro, ndipo anthu a pachigayo anasiya ntchito.

Mwina kulirako n'kumene kunawagwedeza. A Ndelemani sankakumbukira anthu ndi nkhope, ankawakumbukira ndi zovala. Anandifunsa ngati mwamunayo anali wowotcherera, wa ovolosi yobookabooka ndi moto. Nditavomera anati akumukumbuka, chifukwa anasoketsa kwa iwo chikhoti cha munthu wamkazi, choikamo bulangete mkati. Iwo anadabwa kuti m'tauni yotentha chonchija chikhoti chotere n'cha chiyani, ndipo mnyamatayo anati n'chotumiza kwawo, kumapiri, kumene amathyola khofi m'nkhungu. Anandiyeza ndi diso kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati mwini chikhoticho anali wamtali kuposa ine. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti kunali mkazi wina ine ndisanabwere. Ndinawapempha kuti akakhale mboni yanga kukhoti. Anandionetsa mapazi awo otupa, n'kubwerera ku matumba awo.

Basi ya kumapiri inafikadi itatopa. Kumeneko nthochi amaphika zaziwisi ngati chakudya chenicheni, nkhungu imalowa m'nyumba, ndipo anthu amayankhula chilankhulo chimene sindinkatolapo ngakhale moni. Ndinaphunzira kuthyola khofi. Umathyola zipatso zofiira zokha, zobiriwira umazisiya n'kudzabweranso, ndipo wosolola nthambi yonse pofuna kudzaza dengu msanga amaononga mtengo. Ndinkachoka phiri ili kupita phiri ilo, ganyu ndi ganyu, kuyang'ana nkhope za amuna ndi za ana. Dzina loti Fanuwelo palibe ankalidziwa, kwawoko anali ndi lina.

Chimene chinam'gwiritsa ndi manja ake. Pa tchalitchi china cha pamtunda ndinaona geti lachitsulo, lopindidwa pamwamba ngati timphukira ta maungu. Ndinakhala naye munthu uja, ndinkam'pititsira chakudya ku ntchito, kapindidwe kake ndinkakadziwa. Ndinafunsa ndi manja kuti analipanga ndani. Anandilozera kutsidya kwa mtsinje.

Ndinabisala m'munda wa khofi pamwamba pa nyumba yake. Dzuwa litakwera panatuluka mayi wamtali, atavala chikhoti chokhuthala chothetheka m'zigongono. Pambuyo pake panatuluka mtsikana atasenza kandowa. Anali wamkulu kuposa ana onse amene ndinkamuyezerapo. Mayendedwe anali a malemu amayi anga, ophonyera phazi kunja. Tsitsi analiluka bwino, masaya anali onona, ndipo ndinene zoona, chimenecho chinandipweteka. Ndinkayembekeza kum'peza wowonda, wa usiwa, wolira amake. Ndinafuna kutsika, kum'nyamula n'kuthawa naye, koma ndinangotsala pomwepo. Ndinagona chafufumimba m'nthaka yonyowa, ndinaluma chitenje kuti ndisakuwe.

M'mawa mwake ndinatsikira ku boma la derali kukafuna chitseko chomwe ndingagogodenso. Ndinachipeza kuseri kwa sitolo ya njinga, chitalembedwa dzina la Mayi Nambeye. Anali mayi wonenepa, wa nsapato zafulati zamatope, wobadwira m'mapiri momwemo. Ankayankhula Chichewa ndi chilankhulo cha kwawocho. Nditawatchulira tchalitchi cha geti lija anadziwa mudzi wake, anadziwa pomwe mtsinjewo umaolokeka, anadziwanso kuti mesenjala wa khoti amapitako tsiku la msika. Za malipiro tinagwirizana kuti ndizipereka pang'onopang'ono, khofi akamapsa. Ndiye anandigwira dzanja n'kundichenjeza kuti ndisayandikire nyumbayo, ndisamuimitse mwana panjira, ndisayerekeze kum'tenga. Anati ndikamuba ndifanana ndi bambo wake, ndipo khoti silidzatha kutisiyanitsa.

Anandiuzanso za mwambo wa kumeneko, kuti ana amakhala a kuchimuna ngati ng'ombe zinaperekedwa, ndipo za ine palibe anapereka ngakhale mchira. Kwathunso mwana ndi wa kuchikazi. Miyambo yonse iwiri inali kumbali yanga. Koma anati khoti limayang'ana ubwino wa mwanayo kuposa mwambo, ndipo poti wakula, woweruza adzafuna kumva maganizo ake. Mwayi ulipo, anatero, ndipo anandiuza kuti ndikonze pogona mwana, chifukwa a boma oona za ana adzayendera nyumba zonse ziwiri.

Kalaliki wa khoti limenelo anandifunsa funso lija, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayankha dzina la mudzi. Analemba. Masamoni anapita. Ndinachita lendi kachipinda, ndinakazira bwino, ndinagula mphasa yatsopano ndi bulangete. A boma anabwera, anayang'ana denga, anayang'ana mtsuko wa madzi, analemba, anapita. Kenako kudikira kunayamba. Mlandu unaimitsidwa chifukwa mtsinje unadzaza. Unaimitsidwanso chifukwa cha maliro. Unaimitsidwa chifukwa Fanuwelo anatumiza mawu kuti wadwala. Ine ndinkathyola khofi pa phiri loyang'anizana ndi kwawo, ndipo ndikaweramuka ndinkaona utsi wa nyumba yawo. Nthawi zina ndinkaona kadontho kakutsikira kumtsinje. Zaka zonse za kutali sizinandiwawe ngati miyezi ya pafupi imeneyo. Ndinkapita kwa Mayi Nambeye kukawakalipira, iwo n'kumanditsanulira tiyi, n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinkawayankha kuti nkhono sinabalepo mwana n'kuberedwa.

Tsiku linakwana. Ndinakhala pa benchi lija, ndipo mbali inayo kunakhala Fanuwelo, wa imvi tsopano, manja ali pakati pa maondo. Kumbuyo kwake kunali mayi wamtali uja ndi mwana. M'khoti woweruza anafunsa ngati ankhoswe anayesapo kukonza banjali. Ndinati nkhoswe yanga inamwalira, ndipo ya mwamunayo inali yobwereka. Anthu anaseka Mayi Nambeye atamasulira, koma woweruzayo sanaseke.

Fanuwelo sanakane kanthu. Anavomera kuti anandikwatira, anavomera kuti amayi ake sankadwala. Anati mkazi wake wa kumudzi anakhala zaka zambiri wopanda mwana, anthu ankam'nyoza pachitsime, ndipo iye anaganiza kuti ine ndikadali wamng'ono, ndidzabereka ena. Ananena zimenezo ngati munthu wofotokoza mmene anagawira mbewu. Mayi wamtaliyo anaitanidwa, ndipo anati iye anauzidwa kuti mayi wa mwanayo anamwalira ndi malungo. Anam'landira akulira usiku ndi usana, anam'tafunira nthochi, anam'patsa dzina loti Tumpale. Poyankhula sanandiyang'ane. Ndinam'funira chomuda nacho mayi ameneyo, ndinachisowa.

Ukwati woweruza anauthetsa malovu asanaume. Chinthu chimene ndinachikoka dziko lonse chinaduka m'mawu ochepa, ndipo sindinamve kupepuka kulikonse. Za mwana anati asanagamule akufuna mayi ndi mwana akhale kaye panja paokha, loya awamasulire. Potuluka Mayi Nambeye anandinong'oneza kuti bodza la maliro lija lam'gwetsa mwamunayo, ndipo mwana akangovomera kupita nane ndiye kuti zatheka.

Tinakhala pansi pa mtengo wa peyala kuseri kwa khoti. Mwanayo anagwada patali pang'ono, monga amagwadira mlendo. Anandipatsa moni wa Chichewa cha kusukulu, wa muli bwanji, ndili bwino kaya inu, mawu aliwonse payekhapayekha, maso ali pansi. Chichewa chake chinathera pomwepo. Ndinam'tchula dzina lomwe ndinam'patsa, sanatembenuke. Zimene ndinkakonzekera kumuuza m'zigafa, pamiyala, m'minda ya eni, zonse zinathawa. Ndinangomuuza kuti ndine amayi ake om'bereka, sindinamwalire, sindinam'taye, ndakhala ndikum'funa. Mayi Nambeye anamasulira pang'onopang'ono. Mwanayo anamvetsera, akukanda dothi ndi chala. Kenako anayankhula mofulumira, mawu otsika, ngati zinthu zomwe wakhala akuziloweza panjira.

Ndinatembenukira kwa Mayi Nambeye. Ndinawafunsa kuti wati chiyani. Anati mwana wavomera kupita nane. Koma nkhope yawo sinali ya munthu wopambana mlandu, choncho ndinawauza kuti andiuze zonse, asasiyeko kanthu.

“Akuti anzake amuuza kuti mwabwera kudzamangitsa amayi ake. Akuti apita nanu lero lomwe. Azikutungirani madzi, azikuphikirani, amadziwanso kuthyola khofi, ndipo sadya zambiri. Bola amayi akewo musawamangitse.”

Ndinayang'ana mwana wanga. Anali atagwira m'mphepete mwa diresi lake mwamphamvu. Sanalire. Ankadikira kuti ndimve mtengo wake, ndivomere kapena ndikane. Zomwe ndinayendera dziko lonse zinali pamenepo, zitagwada patsogolo panga, ndipo ndikanangogwedeza mutu ndikanakwera naye basi. Ndinaona mmene akanagonera pa mphasa yatsopano ija, atatembenukira kukhoma, akumvera malamulo anga onse ngati wandende wa khalidwe labwino. Ndinam'funa mwana ameneyo kuposa moyo wanga, ndipo ndikum'funabe.

“Muuzeni kuti amayi ake samangidwa. Muuzeni apite kwa iwo.”

Mayi Nambeye anandifunsa ngati ndamvetsa zomwe ndikunenazo, chifukwa tikalowa m'khoti akanena zomwezo kwa woweruza, ndipo chotsala chikhala kupempha kuti ndizimuona mwanayo sukulu akatsekera, ngati mwini wake angafune. Ndinati ndamvetsa. Anamasulira.

Pamenepo m'pamene mwanayo anadzutsa mutu n'kundiyang'ana kumaso koyamba, nthawi yaitali, kufuna kuona ngati ndikunama. Ataona kuti sindikunama anaomba m'manja pang'ono, nati zikomo kwambiri, m'Chichewa cha kusukulu chija. Anadzuka, anasasa fumbi m'maondo, n'kuthamangira kutsogolo kwa khoti kumene mayi wamtali ankadikira. Anathamanga bwino mwana wanga, miyendo yake yolimba, ndipo sanacheuke.